Bondo Limene Ndinkamanga ku Bilston

Ana anga, mutu uno ndi wa zaka zimene ndinagwira ntchito ku kalabu ya basiketibolo ku Bilston. Mumadziwa kuti kumeneko anandichotsa ntchito, koma chifukwa chake sindinakuuzenipo. Tadala, mwina ukukumbukira tsiku lija unakulunga mlongo wako Chiko ndi mabandeji thupi lonse pokonzekera sewero la kusukulu, ine n'kumumasula osanena kanthu. Unalira, n'kundifunsa m'Chingerezi kuti walakwa chiyani. Sindinakuyankhe. Yankho lake lili muno.

1991

Nditamaliza maphunziro a zosamalira mafupa ndi minofu ku Birmingham, ntchito za m'zipatala zinandivuta kupeza. Mnzanga wina wa kutchalitchi ndi amene anandiuza kuti kalabu ina ikufuna fiziyo, kutanthauza munthu wosamalira osewera akavulala. Dzina la kalabuyo sindilemba, inatha kalekale. Mwini wake anali Bambo Pritchard, mzungu wamfupi wogulitsa magalimoto akale. Atandiona anayang'ana msinkhu wanga n'kufunsa ngati nanenso ndimasewera. Ndinawauza kuti kwathu mpira woponya ndi manja ndi wa atsikana. Anaseka mpaka kutsokomola, basi ntchito ndapeza. Chilolezo changa chogwirira ntchito m'dziko muno chinali m'dzina la kalabuyo, ndipo chaka chilichonse ankayenera kusaina iwowo. Zimenezi muzikumbukire.

Bwalo lathu linali m'chinyumba chachikulu chimene kale ankasungiramo zitsulo, mafakitale a ku Bilston asanatsekedwe. Anayala matabwa pansi n'kuika mabenchi, koma kuzizira kwa zitsulo sikunachokemo. Denga linkadontha. Mpira ukagunda pansi, phokoso linkakwera kudenga n'kubwerera mochedwa, moti munthu mmodzi akamasewera zinkamveka ngati alipo awiri. Zipangizo zinali zosowa. Tepi yoyera yomangira ankandipatsa mongodontheza, ndipo mabandeji ndinkachapa kunyumba, amayi anu n'kumawayanika pa zitsulo zotenthetsera m'nyumba. Munthu akatupa ndinkamuika paketi ya nsawawa za mufiriji.

Osewera ankati bandeji yanga simasuka ngakhale athamange bwanji. Akafunsa kumene ndinaphunzira ndinkati ku koleji, koma zoona zake n'zakuti manja anga anatengera agogo. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi kumudzi ku Dedza. Iwo anali mmodzi wa amayi osambitsa ndi kukulunga mitembo. Sankalankhula kwambiri, inenso ndinazolowera kungoyang'ana. Ndinkawaona akung'amba bafuta, nsalu yoyera ija, asananyamuke kupita kusiwa, ndipo mfundo imene ankamangira katundu aliyense pakhomo inali yomweyo ya pa mitembo. Tsiku lina ndinatola kachidutswa ka bafuta, n'kudzimanga mwendo, n'kumatsimphina kuti anzanga aseke. Agogo anandimenya khofi, kamodzi kokhako m'moyo wanga wonse.

"Ukulaula," anatero. "Nsalu samanga pamene pali pabwino. Chimene ukuchiitanacho chimamva."

Sanadule ndi mpeni. Anamasula ndi manja pang'onopang'ono, n'kundimenya pamwendopo kuti magazi ayende, n'kundiuza kuti ndithamange mpaka kumtsinje.

1993

Nyengo ya masewera itayandikira, Bambo Pritchard anabweretsa mnyamata wa ku Sparkhill, dera la mu Birmingham, dzina lake Yunus. Anali mmwenye, wamtali, wochepa thupi, wolankhula Chingerezi cha ku Birmingham chenicheni. Nditamuyeza mawondo ndi akakolo tsiku loyamba anandifunsa kwathu. Nditatchula Malawi anaseka n'kunena kuti, "Muli bwanji?" Ndinadzidzimuka. Anati mayi ake anabadwira kwathu komweko, koma iye ankangodziwa moni ndi mawu awiri otukwana. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti ankolo.

Nditakafotokoza nkhaniyi kwa Amalawi anzathu titatuluka m'tchalitchi ku Wolverhampton, anthu anafa nako kuseka. A Banda, amene anali akauntanti, anati, "Achimwene, musatinamize. Mmwenye kudumpha? Ameneyo adzangoyeza bwalolo ndi tepi n'kukuuzani mtengo wa mita." Mayi wina anawonjezera kuti mpirawo akaugwira sadzapatsira mnzake popanda risiti. Nanenso ndinaseka. M'mutu mwanga mmwenye anali munthu wa kuseri kwa kauntala, ndipo ndinali ndisanamuonepo akutuluka thukuta.

Koma mnyamatayo ankatha mpira. Ndinkafika mamawa kudzakonza chipinda changa, n'kumupeza ali yekha m'bwalo, akuponya ali kutali. Mpira unkalowa osakhudza mkombero wa chitsulo, kumangomveka kuti fwaa pa ukonde. Kochi wathu, munthu wa ku America, zimenezi sankaziona chifukwa sankafuna kuziona. Tsiku lina ndikumanga kakolo wa wosewera wina ndinamumva akuuza Bambo Pritchard kuti, "Anthu amenewa mafupa awo ndi ofewa. Akangomugunda kamodzi akalira kwa mayi ake. Ndipo chaka chisanathe bambo ake amuitanira kusitolo. Ine nthawi yotaya ndilibe." Ankalankhula ine ndili pomwepo. Anthu ambiri moyo wanga wonse akhala akulankhula ngati ine palibe.

Bambo Pritchard sanamutenge Yunus chifukwa cha mpira. Ankafuna anthu a ku Sparkhill azigula matikiti, komanso eni masitolo a mumsewu wa Stratford aziika mayina awo pa zikwangwani za m'bwalo. Anamujambulitsa chithunzi chachikulu ngati munthu weniweni, chomata pa katoni yolimba, n'kuchiimika pakhomo lolowera. Ndipo anthu anabweradi. Lamlungu lililonse masana ankatsika m'mabasi, anyamata ndi abambo awo, ena atanyamula ng'oma. Ambiri anali asanaonepo basiketibolo. Ankabwera kudzaona mwana wawo, koma mwana wawoyo ankangokhala pa benchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Patapita masabata angapo anayamba kuimba dzina lake mokwiya, ndipo wina anaponya chitini m'bwalo.

Lolemba lake Bambo Pritchard anandiitanira mu ofesi. Yunus anali momwemo, atawerama.

"Sam, iwe ndiwe munthu wachete, n'chifukwa chake ndimakukonda," anatero. "Kuyambira Lamlungu uzimumanga mnyamatayu bondo lamanzere. Bandeji yaikulu, yoti munthu wa kumbuyo kwenikweni aione. Tilengeza kuti wavulala ndipo achira posachedwa."

"Bondo lake lilibe vuto, bwana."

"Ndikudziwa. Ndiye palibe chimene ungawononge."

Anati n'zongodikira kuti kochi afewe mtima, Khirisimasi ikadutsa mnyamatayo asewera. Ndinayang'ana Yunus. Iye anati, "Palibe kanthu, ankolo. Ndi bandeji chabe." Ndinakumbukira khofi la agogo, koma ndinadziuza kuti kuno ndi ku England, ndipo ine ndine munthu wa satifiketi. Lamlungu ndinamumanga. Anatuluka akukoka mwendo monga anamuuzira, anthu a ku Sparkhill n'kuimirira kumuombera m'manja pomupepesa.

1994, Januwale ndi Febuluwale

Khirisimasi inadutsa, palibe chinasintha. Bambo Pritchard anati bandeji azivala masiku onse, ngakhale pokwera basi, chifukwa anthu a kwawo akumuona. Ankangoivula mamawa akamaponya mpira yekha, ine n'kumumanganso ena asanafike.

M'mawa wina wa chifunga ndinafika ndili panja n'kumva mpira ukugunda monga mwa masiku onse. Koma pansi pa phokosolo panali lina, ngati munthu akukoka thumba pa matabwa. Kugunda, kukoka, kugunda, kukoka, denga n'kumabweza zonsezo. Ndinaima pakhomo la bwalo osadzionetsa. Yunus anali yekha, wopanda bandeji, akutsatira mpira uku akukoka mwendo wamanzere.

"Ukutsimphinira ndani?" ndinamufunsa. "Muno mulibe munthu."

Anandiyang'ana modabwa. "Ine sindikutsimphina, ankolo."

Ndinamugoneka pa tebulo langa. Bondo silinali lotupa, silinkapweteka paliponse, linkapindika bwinobwino. Koma linali lozizira. Lamanja linali lofunda ngati la munthu amene wakhala akuthamanga, lamanzere linali ngati mwala wa mumtsinje. Ndinamutumiza kuchipatala, anamujambula, sanapeze kanthu. Maphunziro anga ankandiuza kuti mwendo umene ukumangidwa tsiku lililonse umafooka ndipo thupi limazolowera kuusunga. Zimenezo n'zoona, mpaka lero ndimavomereza. Koma dzanja langa likakhudza bondo lija silinkaganiza za koleji.

Sabata yomweyo ndinaona chinthu china. Pakhomo lolowera denga linkadonthera pafupi ndi chithunzi chija, ndipo katoni inayamba kufewa. Sinafewe pakhosi kapena pamkono. Inapindika pa bondo lamanzere, chithunzi n'kupendekeka. Tsiku lotsatira ndinapeza wina atachimanga ndi tepi yoyera ya m'chipinda changa, mozungulira bwinobwino. Wosesa anati si iye. Wogulitsa matikiti anati si iye. Mwina wina ankaopa kuti ndimukalipira chifukwa cha tepiyo. Kuyambira pamenepo ndinkalowera khomo la kumbali.

Loweruka lina Yunus anati mayi ake akundifuna. Sitolo yawo inali ya nsalu, pafupi ndi msewu wa Stratford, ndipo iwo ankakhala pamwamba pake. Mayi Zubeda anali munthu wamfupi wa imvi, wovala mpango kumutu. Nditawapatsa moni m'Chingerezi anandiyankha m'Chichewa chosalala, cha anthu akale.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Dedza, mayi."

"Ndiye ndife anansi. Ine ndinabadwira ku Ntcheu, kuseri kwa sitolo. Tinachoka nthawi ija boma linatichotsa m'matauni ang'onoang'ono. Khalani pansi. Iwe Yunus, pita ukathandize bambo ako." Izi zomaliza ananena m'chinenero chawo, koma ndinazimva poona mnyamatayo akutsika masitepe, phazi limodzi likutsalira.

Anandipatsa tiyi wa mkaka wambiri ndi zitumbuwa, zimene ndinali ndisanadye chichokereni kwathu. Anandifunsa za msewu wa ku Dedza, ngati mbatata ya kachewere ikadali yotchipa, n'kundiseka kuti Chichewa changa chayamba kununkha Chingerezi. Kenako anayang'ana manja anga nthawi yaitali.

"Manja awa ndi amene akumanga mwana wanga?"

"Ndi omwewa, mayi."

"Ife tinkagulitsa bafuta," anatero. "Munthu wodzagula ya maliro tinkamudziwa akadali pakhonde. Tsiku lina ine ndi mlongo wanga tinatenga nsalu m'sitolo, iye n'kugona pansi, ine n'kumukulunga. Tinkasewera. Mayi amene ankatilera, Nachisale, atatipeza anakuwa ngati waona njoka. Anatimenya tonse awiri, ana a bwana wake, osaopa ntchito. Bambo anga anamuchotsa tsiku lomwelo." Kenako anati, "Mawu amene ananena aja inu mukuwadziwa. Musandivutitse kuti ndiwatchule ine."

"Kulaula," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Pakhoma panali zithunzi zambiri za banja, maukwati, ana atavala zipewa za ku yunivesite. Anandilozera chimodzi chakale cha kamnyamata kataima pakhonde la sitolo, n'kunena kuti ndi mlongo wawo uja. Ndinayang'ana khoma lonse kufuna nkhope yomweyo itakula. Sindinaipeze, ndipo sindinafunse.

"Bambo ake akuti abwere adzagwire sitolo," anatero pondiperekeza. "Azungu akuti ndi wofewa. Anthu akwanu ndikudziwa zimene amanena, ndinakulira komweko. Aliyense wamupezera kale malo okhala pansi. Ine ndikungofuna miyendo yake iwiri."

1994, Malichi

Mwezi umenewo ndi umene Bambo Pritchard ankayenera kusainira chilolezo changa, ndipo iwe Tadala unali m'mimba. Ndinawauza amayi anu zonse tikupinda mabandeji. Iwo ndi a m'tauni, a ku Zomba, za malaulo sazisamala. Anati, "Abambo, tili pa renti, mwana akubwera, ndiye mukufuna tipakire chifukwa cha bandeji? Dikirani asaine kaye." Anali ndi nzeru. Ndinavomera kuti ndidikira. Lachisanu ndinapitabe kwa Bambo Pritchard kukawauza kuti mwendo wa mnyamatayo ukufooka. Anati nyengo yatsala pang'ono kutha, ndipo mapepala anga ali m'dirowa, tidzawaona masewera omaliza akadutsa.

Lamlungu masana ndinamumanga Yunus m'chipinda chovalira monga mwa nthawi zonse. Ndikumanga mfundo yomaliza anati, "Mukhoza kukoka kwambiri, ankolo. Masiku ano sindikulimva n'komwe." Ananena mosadandaula, ngati akunena za nyengo. Ndinamutsina pamwamba pa bondo. Anali akuyang'ana kukhoma, sanatembenuke.

Tinatuluka. Osewera ena ankathamangathamanga kukonzekera, ng'oma za ku Sparkhill zikulira, Yunus n'kukakhala pamalo pake kumapeto kwa benchi. Ine ndinakhala pambali pake ndi chikwama changa. Sindinganene kuti ndinaganiza mozama. Ndinangoona kuti ndagwada pa matabwa, manja anga ali pa mfundo ija.

"Ankolo, mukutani? Atichotsa tonse awiri."

"Mwina," ndinatero. "Ukandiuza kuti ndisiye, ndisiya."

Anayang'ana kwa kochi, anayang'ana kumene kunakhala anthu akwawo. Kenako anawongola mwendo. Sizasi inali m'chikwama, sindinaitenge. Ndinamasula ndi manja, kuzungulira pang'onopang'ono, bandeji ikuunjikana pansi. Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Osewera nawo anasiya kugunda mipira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chinyumba chija munali zii, kupatula dontho la padenga likugwera mu ndowa. Bondo linatuluka lotuwa, lamakwinya, ngati chinthu chimene chakhalitsa m'madzi. Ndinalimenya ndi chikhatho, kawiri, katatu, mpaka linafiira.

"Dzuka," ndinamuuza. "Thamanga mpaka uko, ubwerere."

Ulendo wopita anakoka mwendo. Anthu onse ankaona. Atafika pansi pa ukonde anaima, ngati munthu amene waiwala chimene wadzera. Ndiye mnyamata wina wa timu ya alendo, amene sankadziwa kalikonse ka nkhaniyi, anamuponyera mpira. Yunus anauwakha, n'kudumpha. Pobwerera anathamanga ndi miyendo iwiri.

Phokoso limene linatsatira sindingalifotokoze. Bambo Pritchard anali chiimire pamwamba pa masitepe, nkhope ili gwa. Kochi sakanachitira mwina, anthu akanagwetsa nyumbayo, choncho chakumapeto anamulowetsa. Musaganize kuti anachita zodabwitsa. Munthu amene wakhala pansi nyengo yonse sangatero. Mipira iwiri anaphonya, umodzi unalowa, wina anamugunda n'kugwa chagada, iye n'kudzuka yekha. Tinagonja.

Lolemba m'mawa anandichotsa ntchito, mapepala aja osasaina. Bambo Pritchard anamusunga Yunus mpaka nyengo itatha chifukwa choopa anthu, kenako anamusiya. Anakasewera zaka zingapo ku timu ina yaing'ono kumpoto, ndipo pambuyo pake ankaphunzitsa ana mpira ku Sparkhill. Ife tinavutika miyezi yambiri. Amayi anu anakhala sabata yathunthu osandilankhula, ndipo masutikesi anali atatsitsidwa kale pamwamba pa wadiropu pamene a Banda omwe aja anandipezera malo ku nyumba yosamalira okalamba ku Hanley, kumene anavomera kundisainira. Kumeneko ndi kumene ndinagwira mpaka kupuma.

Koma ndibwerere ku Lolemba lija. Nditatenga katundu wanga ndinatulukira khomo lalikulu, limene ndinali nditasiya kudutsa. Panalibe munthu. Chithunzi chija chinali chiimire, chikumwetulira, tepi yanga ili pa bondo. Ndinaika chikwama pansi n'kuyamba kuimatula. Pansi pake katoni inali yakuda, yowola, yonunkha ngati dothi lofukulidwa kumene. Nditachotsa chidutswa chomaliza mwendo unathothoka n'kutsalira m'manja mwanga, chithunzi chonse n'kugwa chafufumimba pa mapazi anga.

Sindinathamangepo m'dziko muno ngati tsiku limenelo. Foni ya m'bokosi inali pafupi ndi msika wa Bilston, ndipo ndinaimbira kusitolo kuja. Inaitana nthawi yaitali. Anayankha Mayi Zubeda.

"Mayi, ndine Sam. Yunus ali kuti?"

"Mwapuma bwanji chonchi, bambo? Akukuthamangitsani?"

"Ali kuti, mayi?"

"Watuluka mamawa, akuti akukathamanga kupaki. Dikirani." Ndinamva akuika foni pa kauntala, kenako belu la pachitseko cha sitolo, kenako phokoso la munthu akukwera masitepe awiriawiri. Anabwereranso pa foni. "Ndi ameneyo wangodutsayu, ndi matope ake pa kapeti yanga. Mwamumva?"

Ndinawauza kuti ndamumva. Mwendo wa katoni uja ndinali ndikadaugwira. Ndinauponya m'bini ya pamsika, n'kupita kukauza amayi anu kuti ntchito yatha.